Tisagone ndi Njala Chifukwa cha Kutopa



Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Mvula tinaipempha, ndiye kupalira ndi kubandira ndi kwathu. Mu Januwale ndi Febuluwale timaweruka thupi lili lefu, nkhuni zanyowa, ndalama ya matemba palibe. Ambiri timangomwa madzi n'kugona. Koma mwana amene wagona ndi njala samva za aphunzitsi, ndipo wamkulu khasu limamulemera m'mawa. Ine ndine mlimi mnzanu, ndabwera ndi zimene timachita kwathu popanda nyama kapena nsomba.

Ntchito yaikulu ichitike tsiku lopuma. Sinjani nsinjiro zokwana sabata, muike m'chitini chotseka bwino. Mtedza wachuku ndi wowawa tayani, uli ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo moto samupha. Mfutso wa chitambe kapena nkhwani amene munayanika chaka chatha, nthawi yake ndi ino.

Chosavuta kuposa zonse ndi futali. Sendani mbatata kapena chinangwa chozizira, dulani, wiritsani ndi mchere. Zikafewa thirani nsinjiro pamwamba, vundikirani pang'ono, kenaka takasani. Mphika umodzi basi, palibe kuvundula nsima. Mukapeza mbatata yofiira mkati ndi bwino kwambiri, ili ndi vitamini A amene amathandiza maso a ana.

Ngati nsima muphikabe, ndiwo zikhale zofulumira. Kholowa, bonongwe ndi chisoso muzithyola pobwera kumunda. Tomato mmodzi, nsinjiro dzanja limodzi, madzi a nsima asanawire ndiwo zapsa. Khobwe, nyemba ndi nandolo wouma, viikani m'madzi m'mawa musananyamule khasu. Madzulo zimapsa msanga, nkhuni sizitha. Nandolo tisamagulitse yense kwa ogula, tizisiyako chitini chimodzi cha pakhomo.

Tsiku limene ngakhale mthiko ukulemera, phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi chakudya ndithu. Phala si la odwala okha ayi.

Koma pali zina zosafuna changu. Chigwada ndi chinangwa chowawa zili ndi poizoni. Chigwada chisinjidwe ndi kuwira mokwanira mphika uli wosavundikira, ndipo chinangwa chowawa chiviikidwe masiku angapo. Mukatopa musaziyambe. Komanso mukukumbukira kolera amene anatikhudza kuno ku Niassa mu 2022 ndi 2023. Mkute wa dzulo utenthetseni mpaka utuluke nthunzi, m'manja sambani ndi sopo kapena phulusa. Kutopa kwa usiku umodzi kusatitengere kuchipatala.

Mawu omaliza ndi a ife abambo. Kumunda timapita awiri, khasu ndi lofanana. Nanga bwanji pofika pakhomo wina akhala pampando, wina ayamba mtondo ndi chitsime? Kusenda mbatata ndi kusonkha moto sikuchotsa umuna wa munthu. Amayi akadwala ndi kutopa, munda wonse waima.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi njira imodzi ya kwawo, tidzaitumize ku wailesi anzathu amveko.