Mwana wosatembenuka akaitanidwa

Amayi anzanga, m'sewero lija munamva mayi akudandaula kuti mwana wake wakwanitsa zaka zitatu, koma akamuitana satembenuka, saloza chinthu ndi chala, ndipo amangokhala payekha kumandandalika zitsekerero za mabotolo. Apongozi ake anati walodzedwa. Ena anati ndi katemera. Zonsezi si zoona. Vutoli madokotala amalitcha otizimu, ndipo limachokera m'kakulidwe ka ubongo wa mwana. Simunalakwe chilichonse, ndipo musasiye kubwera kusikelo.

Mukaona zizindikiro zotere, yambani mwauza anamwino kuti mwana ayezedwe makutu, chifukwa mwana wosamva nayenso satembenuka.

Jakisoni kapena mapiritsi ochiza otizimu kulibe. Thandizo lilipo, koma lalikulu limachokera kwa inu amene mumaswera naye tsiku lonse. Ku Manchester, London ndi Newcastle, m'dziko la Britain, anachita kafukufuku pa ana 152 a zaka ziwiri mpaka zinayi. Makolo a theka la anawo ankajambulidwa kanema akusewera ndi mwana, kenaka n'kumaonera limodzi ndi mlangizi kuti aone pamene mwana anayesa kuwauza kanthu iwo osazindikira. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2016, patatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, zinaonetsa kuti anawa zizindikiro zawo zinali zocheperako kusiyana ndi anzawo aja. Sanachire ayi, ndipo pa kadziwidwe ka mawu kusiyana sikunaoneke kwenikweni, koma ankayamba okha kucheza ndi makolo awo.

Inu kanema mulibe, koma maso muli nawo. Patulani mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse. Tsekani wailesi, yalani mphasa, mukhale pansi moyang'anizana naye. Musamulande zitsekerero zija. Tengani chanu, muike pamzere monga akuchitira iye. Akagogoda mbale, gogodani inunso. Kenaka dikirani.

Kudikiraku ndiye kovuta. Ife amayi timafulumira: "Ichi n'chiyani? Nena kuti amama!" Mafunso akachuluka mwana amangotembenukira kwina. Koma pomusambitsa, muthireni madzi kamodzi, kawiri, kenaka imikani kapu m'mwamba muli chete. Akakuyang'anani, akatambasula dzanja, kapena kungotulutsa kaphokoso, ameneko ndiye kuyankhula kwake. Yankhani msanga ndi mawu amodzi, "Madzi!", n'kuthira. Chitani chimodzimodzi pomudyetsa phala.

Musamugwire chibwano pomukakamiza kuti akuyang'aneni m'maso. Akatseka makutu n'kumalira kuchigayo kapena kumsika, si mwano. Phokoso limamupweteka, choncho musamumenye, mupititseni poduka mphepo.

Onetsani abambo ake, agogo ndi achemwali ake mmene mukuchitira, kuti inu mukapita kumunda wina atenge malo pamphasa paja. Zimene mwaona zikusintha, ngakhale zazing'ono, kawauzeni anamwino pa ulendo wotsatira wa kusikelo.