Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Sayansi cha Sukulu za ku Machinga ndi Balaka



Mwa zonse zimene ndaona lero, chimene chandigwira mtima ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya mafunde a wailesi. Zopangira zake n'zochepa: waya wa eriyo, koyilo, capacitor, diode ndi mita ya singano. Eriyo imakola mafunde, koyilo ndi capacitor zimasankha mafunde amene mukufuna, diode imalola magetsiwo kuyenda mbali imodzi yokha, singano n'kusuntha. Batire safunika n'komwe. Mtsikana amene wandifotokozera wanena zoona kuti diode ya germanium, monga 1N34A, ndiyo yoyenera, chifukwa imayamba kugwira ntchito pa mavolti pafupifupi 0.3, pomwe ya silicon imadikira 0.6. Sanabisenso kuti kachipangizoka kamangomva mafunde amphamvu, apafupi ndi transmita. Akutali amafuna transistor yowakweza. Mwanangu, kudziwa pamene chida chako chimalekezera ndiyo sayansi imene.

Mwina wina akuti, zimenezi zitipindulira chiyani? Mafunde a FM, kuyambira 87.5 mpaka 108 MHz, amayenda molunjika, ndipo phiri ngati la Chikala limawatchinga. Tonse tikukumbukira namondwe Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ngati imeneyo, mudzi umene wailesi imamveka mwa apo ndi apo umamva chenjezo madzi atafika kale pakhomo. Mfumu ikangoti "kwathu sikumveka," amaofesi amangogwedeza mutu. Koma ikapita ku MACRA, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi, ndi manambala olembedwa mudzi ndi mudzi, nkhani imalemera.

Si zachilendo ayi. Mu 2013, a Dr Chomora Mikeka ndi anzawo a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, anayeza mafunde a kanema amene sankagwiritsidwa ntchito, n'kudutsitsamo intaneti mpaka pa sukulu ya atsikana ya St Mary's ku Zomba. Anayamba ndi kuyeza.

Tsono ndikupempha. Aphunzitsi aakulu, pa bajeti ya chaka chino pakhale multimeter ndi chowotcherera mawaya. Amisiri okonza mawailesi pa Balaka, Ntaja ndi Liwonde, atsegulireni khomo anawa masana a Loweruka. Ndipo inu makolo, wailesi yakufa ija ili kuseri kwa chitseko musaitaye. Ibweretseni kusukulu, ana achotsemo koyilo ndi zina.