Kapangidwe ka Mtima wa Nyama Zoyamwitsa

Pulogalamu ya lero ikufotokoza kapangidwe ka mtima wa nyama zoyamwitsa, gulu lomwe muli munthu, mbuzi zomwe zimaphedwa pamsika wa Liwonde, komanso njovu ndi mvuu za mu Liwonde National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Mtima wa njovu umalemera makilogalamu 12 mpaka 21 ndipo umagunda pafupifupi ka 30 pa mphindi, pamene wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magalamu 300 ndipo umagunda ka 60 mpaka 100, koma m'kati mwake mitima yonseyi inayalidwa mofanana.

Mtima ndi mnofu wolimba wokhala ndi zipinda zinayi, ndipo pakati pake pali khoma lotchedwa septum, lomwe limalekanitsa mbali yakumanja ndi yakumanzere kuti magazi a mbali ziwirizi asasakanikirane. Chipinda cham'mwamba cha mbali iliyonse, chotchedwa atrium, chimalandira magazi, pamene cham'munsi, chotchedwa ventricle, chimawapopa kuti atuluke. Magazi obwera kuchokera m'thupi, omwe okosijeni wake wachepa, amalowa kumanja n'kupopedwa kupita kumapapo, ndipo akatenga mpweya wabwino kumeneko amabwerera kumanzere, komwe amakankhidwira mumtsempha waukulu wotchedwa aorta kuti afike m'thupi lonse. Kuzungulira kwa magaziku kunalongosoledwa ndi dokotala wa ku England, William Harvey, mu 1628. Poyerekeza ndi nyama zoyamwitsa, mtima wa chambo uli ndi zipinda ziwiri zokha, koma ng'ona ya mu Shire, ngakhale siyamwitsa, ili nazo zinayi.

Womvera aliyense akhoza kudzionera yekha kapangidwe ka mtima podula mtima wa mbuzi mopingasa, ndipo adzapeza kuti khoma la ventricle yakumanzere ndi lochindikala kwambiri kuposa la kumanja, chifukwa yakumanja imangotumiza magazi kumapapo omwe ali pafupi, pamene yakumanzere iyenera kuwafikitsa kumutu mpaka kuziboda. Mwa munthu amene wakhala zaka zambiri ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, khomali limachindikala mopitirira muyeso, ndipo pamapeto pake mtima umafooka.

Gawo lofunika kulimvetsa bwino ndi la mavavu anayi, omwe ndi tizitseko topyapyala totseguka mbali imodzi yokha kuti magazi asabwerere mmbuyo. Awiri ali pakati pa atrium ndi ventricle, ndipo amagwiridwa ndi timinyewa toyera tooneka ngati ulusi, pamene awiri enawo ali potulukira magazi. Phokoso lomwe dokotala amamva akaika chida chomvetsera pachifuwa limachokera pa kutsekeka kwa mavavuwa.

Mavavu ndiwo amaonongeka mwa ana ambiri a mu Africa muno chifukwa cha nthenda ya rheumatic fever, yomwe imatsatira zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya a streptococcus ngati sizinachizidwe, pamene chitetezo cha thupi chimatembenukira mavavu a mwanayo n'kuwasiya ndi zipsera, makamaka vavu yakumanzere yotchedwa mitral. Kukonza vavu yoonongeka kumafuna opaleshoni yovuta ndi yodula, komabe penisilini woperekedwa msanga amaletsa nthendayi isanayambe. Choncho mwana amene akumva kuwawa pakhosi pamodzi ndi kutentha thupi, kapena amene mfundo za miyendo ndi mikono zikutupa mosinthanasinthana, ayenera kukaonedwa kuchipatala chapafupi kapena ku Machinga District Hospital ku Liwonde tsiku lomwelo.