Mau Onena za Kusowa kwa Anthu Odziwa Nchito za Ndarama, Malonda ndi Makina M'tsogolo Muno

Pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe, Msungichuma atatha kuwerenga za ndarama zolowa ndi zotuluka, Wapampando anapempha mlendo wa tsikulo, mphunzitsi wopuma nchito wa m'dziko la Mfumu Malemia, kuti alankhule. Mau ao anali otere.

Atapereka ulemu kwa mafumu, akulu a mipingo, amai ndi abambo, mlendoyo anati mlembi wa chuma sapezeka tsiku limene afunidwa, monga mpunga wa ku Domasi sukololedwa tsiku lowokera. Anakumbutsa anthu kuti dziko lino linaona kale bvuto lotere. Sukulu ya sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya Boma ku Dedza mu 1951. Chifukwa cha kuchedwa kumeneku, pamene ufulu unayandikira, eni dziko oyenera kulowa m'mipando ya Azungu anali owerengeka. Mu 1960 Boma linaika bungwe lotsogozedwa ndi Bambo A. L. Adu a ku Ghana kuti lione njira yoperekera nchito za Boma kwa eni dziko, komabe ufulu unafika mu 1964 makalaliki ali ambiri ndithu, koma odziwa kusunga ndi kufufuza mabuku a chuma ali ochepa. Reserve Bank ndi Yunivesite ya Malawi zinayamba mu 1965, pamene kusowako kunali kutapweteka kale.

Iwo anapitiriza kunena kuti bvutoli likubweranso, koma labvala malaya ena. Kuyambira pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndarama zikuyenda pa lamya kufikira kwa mai wogulitsa nsomba pa Songani. Mabanki, masitolo ndi maofesi a Boma asiya mabuku akuluakulu aja nayamba kusunga zonse mu kompyuta. Nchito yokopera makalata ndi kuwonkhetsa manambala, imene inadyetsa makalaliki ambiri a ku Zomba, makina akuichita okha. Ofunika m'tsogolo ndiwo anthu okonza makinawo, otchinjiriza ndarama kwa mbala za pa intaneti, ndi ozindikira msanga pamene mabuku anama. Anati kubedwa kwa ndarama za Boma kumene kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, kunaonetsa kuti makina opanda owayang'anira aluso ndi okhulupirika ali ngati nkhokwe yopanda chitseko.

Apa mlendoyo anafunsa kuti anthu otere adzachokera kuti. Anayankha okha kuti sukulu zazikuru zilipo, monga MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, ndi MUST ku Thyolo, yotsegulidwa mu 2014. Koma sukuluzi zimalandira mwana amene anakhoza masamu, ndipo mwana sakhoza masamu popanda mphunzitsi. Motero muzu wa nkhani uli m'chigwa chino, pakuti Domasi wakhala akusula aphunzitsi chitsegulire sukulu ya Jeanes mu 1929. Pano mpamene pali Malawi Institute of Education, yokonza zimene ana a dziko lonse aphunzira, ndiponso Domasi College of Education, yophunzitsa aphunzitsi a sekondale kuyambira 1993. Anati nchamanyazi kuti mwana wobadwira pafupi ndi nyumba zimenezi aleke sukulu chifukwa chosowa fizi, nakapalasa njinga ya kabaza, alendo akudzatunga nzeru pakhomo pake.

Anaonjeza kuti asayese kuti nkhaniyi nja m'tauni mokha. Alimi a mpunga afuna munthu wao wodziwa sikelo ndi mitengo kuti ogula asawadyere masuku pamutu, ndipo magulu a banki m'khonde ambiri apasuka osati chifukwa cha kuba kokha, komanso chifukwa chosowa wolemba bwino buku.

Potsiriza anapempha Bungwe zinthu zitatu. Choyamba, lipatule gawo la zopereka kuti lilipirire ana osauka okhoza masamu, atsikana pamodzi ndi anyamata. Chachiwiri, mamembala amene anagwirapo nchito m'maofesi apatule tsiku limodzi pa mwezi lophunzitsa achinyamata kasungidwe ka mabuku. Chachitatu, makolo alemekeze aphunzitsi a masamu, kuti asathawe m'midzi. Anati mwana wolowa Sitandade 1 chaka chino adzatenga zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuti atsirize ku yunivesite, ndipo akulu anati m'mera mpoyamba.

Wapampando anathokoza mlendoyo, ndipo msonkhano unagwirizana kuti Komiti ikhale pansi niione za pempho loyamba lija sukulu zisanatsegulidwe.