Tisananyamule Zikwangwani, Tikwere Kaye ku Khondowe

Awa ndi mawu omwe m'modzi wa atsogoleri athu anayankhula pa mkumano wa achinyamata pa boma la Rumphi. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize ku magulu anu.

Anzanga mwachokera ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, takulandirani. Ndiyankhula Chichewa kuti tonse timvane. Eni mudzi mundikhululukire, ndipo za Chitumbuka ndibwereranso kutsogoloku.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano akudziwa komwe kunabadwira Chakufwa Chihana? Kwezani dzanja. Mwaonatu, manja ndi owerengeka. Ku Mhuju, aise, m'boma lomwe lino. Ifeyo mademo timawatha, utsi wokhetsa misozi tinaulawa, koma mbiri ya omwe anatilambulira njira sitiidziwa. Ndiye nkhani yanga lero ndi imodzi basi. Rumphi ndi sukulu yaulere ya mbiri ndi unzika, ndipo ife tikuijomba.

Kalasi yoyamba ili pamwamba pa phiri, ku Khondowe. Mu 1894 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia kumeneko ndi kutsegula sukulu ya Overtoun Institution. Azungu ankafuna aphunzitsi, alaliki ndi akalaliki, koma sukuluyo inatulutsanso anthu ofunsa mafunso ovuta. Mu 1912 anthu ophunzira ku mishoniyi, kuphatikizapo Levi Mumba, anayambitsa North Nyasa Native Association. Ankakumana, kulemba mfundo za msonkhano, n'kutumiza madandaulo awo ku boma la atsamunda pa nkhani za msonkho, sukulu ndi nkhanza. Zinkaoneka ngati zachibwana, koma mu 1944 mabungwe oterewa anabereka Nyasaland African Congress, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Mumba yemweyo. Winanso wophunzira pamenepo, Clements Kadalie, anapita ku Joni, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town, lomwe linagwedeza mabwana a ku South Africa. Anthuwa analibe bandulo, analibe Facebook. Anali ndi cholembera, pepala ndi khama lobwereranso mawa.

Mukafika ku Khondowe, lowani mu Stone House, nyumba yomwe ankakhala Laws, yomwe pano ndi yosungiramo zinthu zakale. Mukatuluka muyang'ane pa kapinga. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza lamulo ladzidzidzi n'kuyamba kumanga a Congress, linafuna kuchotsa azungu a pa mishoni poganiza kuti anthu akuda awapha. A pa mishoniyo, akuda ndi oyera, anakana kusiyana. Anayala miyala pa kapinga kuti a m'ndege awerenge yankho lawo, lomwe linali vesi ya Aefeso 2:14, yonena za kugumula khoma lolekanitsa anthu. Chizindikirocho chilipo mpaka lero. Chinali chionetsero chimenecho, anzanga, ndipo palibe sitolo inathyoledwa.

Musanatsike Gorodi, mupatukire ku mathithi a Manchewe. Kuseri kwa madziwo kuli mapanga omwe Aphoka ankabisalamo pothawa adani ogwira anthu. Ndipo mukamva kuti ku Bolero kuli Gonapamuhanya, musangopita kukajambula zithunzi. Mukamvetsere mbiri ya Mlowoka ndi ufumu wa Chikulamayembe, mudziwe kuti dera la Nkhamanga linali ndi ulamuliro ndi malonda ake mzungu asanafike.

Kalasi yachiwiri ndi Chihana. Pa 6 Epulo 1992, patangopita mwezi mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi, bamboyu anatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, kuchokera ku msonkhano wa ku Lusaka, n'kuyamba kuwerenga mawu ofuna ndale za zipani zambiri. Sanamalize, anamumanga pomwepo. Ndende ankaidziwa kale, poti m'zaka za m'ma 1970 anakhalamo osazengedwa mlandu. Koma anabwerabe. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu, ndipo nyali inagonjetsa tambala wakuda. Ufulu womwe timayendera pamsewu lerowu unachokera kumeneko. Pambuyo pake Chihana anachitanso zisankho za ndale zomwe ambiri amatsutsana nazo mpaka pano. Nazonso tiziphunzire, chifukwa mbiri yongotamanda munthu ndi imene inatipweteka kale.

Kalasi yachitatu ili kunyumba kwanu, yakhala pa mkeka. Agogo anga anavota nawo mu 1993. Ankakonda kuyamba nkhani ya tsiku limenelo madzulo tikudya, ine maso ali pa foni, ndikungoti "eya agogo, mudzandiuza mawa". Anamwalira ndisanajambule ngakhale mphindi imodzi. Zimandiwawa mpaka lero. M'midzi ya Henga, Nkhamanga ndi Phoka muli anthu omwe anaona 1959 ndi maso awo. Muli omwe akukumbuka 1968, pomwe Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Muli aphunzitsi omwe mu 1989 anauzidwa kuti alongedze abwerere kwawo kumpoto. Zambiri mwa izi simuzipeza m'buku la Fomu 4, ndipo maliro alionse akutilanda tsamba limodzi.

Tsono tichite chiyani? Ndili ndi ntchito zitatu, ndipo palibe yofuna dona.

Yoyamba, aliyense apeze munthu wamkulu m'modzi mwezi uno. Mupemphe chilolezo mwaulemu, mukhale pansi, mujambule mawu ake pa foni m'chiyankhulo chomwe iye akufuna. Akayankhula Chitumbuka, chisiyeni chikhale Chitumbuka, kumasulira tidzathandizana. Mulembe tsiku ndi mudzi. Akati dzina lake lisatchulidwe, musalitchule.

Yachiwiri, tiwerenge malamulo omwe timawatchula pa zikwangwani. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Gawo 37 limatipatsa ufulu wopeza uthenga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Ndiye kuti mutha kulemba kalata ku khonsolo kufunsa momwe ndalama za CDF zayendera m'dera lanu, ndipo akakana kuyankha mutha kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Pitani ku ofesi ya NICE mukafunse mabuku a za unzika. Mukakhale nawo pa mikumano ya VDC ndi ADC, komwe zitukuko zimayambira. Msewu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa taumva m'malonjezo kuyambira tili ana. Ndani mwa ife ali ndi pepala losonyeza ndalama zomwe zinaikidwapo chaka ndi chaka? Tikapita ndi mkwiyo wokha amatibalalitsa. Tikapita ndi mapepala amayamba kutuluka thukuta.

Yachitatu, zomwe mwaphunzirazo mukazigwiritse ntchito. Inu a ku Unilia ndi Mzuni, pa holide pitani ku CDSS ya kwanu, mupemphe ahedi Loweruka limodzi, mukathandize ana a Fomu 2 ndi Fomu 4 pa History ndi Social Studies. Muwamvetsere mawu a agogo aja. Mjigo ukawonongeka, thandizani kukonza, koma mufunsenso kuti komiti yake ili kuti ndipo ndalama zosonkha zinapita kuti. Kutumikira kotere kumakuphunzitsani momwe dziko limayendera kuposa kukangana pa magulu usiku wonse.

Ena muti izi ndi zozizira, ife tikufuna pamsewu. Pamsewu tidzapita, musadandaule. Koma anzathu ena omwe anatuluka pa 20 Julaye 2011 anagona ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Msewu uli ndi mtengo wake, choncho tikamatuluka tizidziwa chomwe tikufuna, yemwe tikumufunsa, ndi gawo la lamulo lomwe taimapo.

Tikakumananso, aliyense abwere ndi chimodzi: mawu a agogo, kalata yomwe khonsolo yadinda kuti yalandira, kapena dzina la sukulu yomwe wakaphunzitsako. Wobwera chimanjamanja ndi amene adzasese holo.