Tchuthi cha Ogasiti chimakonzedwa mu Januwale

Amene mwabwera ndi ang'ono anu a Fomu 3 ndi Fomu 4 mwachita bwino, chifukwa nkhani ya lero ndi yawo.

Tiyambe ndi funso. Sukulu zikatsekera mu Julaye, mtsikana amapita kuti? Tonse tikudziwa: kuchigayo, kumsika, kukalera ana kwa azakhali. Nanga mchimwene wake? Ali kugalaji kwa amalume, sipanala ili m'manja. Pofika Seputembala iye wadziwa m'kati mwa injini, ife tadziwa mtengo wa tomato. Kenako anthu n'kumadabwa kuti bwanji m'makalasi a zauinjiniya atsikana ndi owerengeka.

Ku America ndi ku Ulaya, miyezi yomweyi ana a sekondale amakaphunzira ntchito m'malabu ndi m'makampani. Ku MIT, ku America, kuli Research Science Institute: milungu 6, osalipira kanthu, mwana wa sekondale akuchita kafukufuku limodzi ndi asayansi enieni. Musati ndi zakutali. Mu 2017 kampu ya WiSci inachitikira konkuno, ku MUST ku Thyolo, ndipo atsikana athu anaphunzira limodzi ndi anzawo a ku America, Rwanda, Zambia ndi maiko ena. MUST imachititsanso kampu yakeyake ya sayansi ya atsikana.

Ambirife tinamva za mwayi wotere utadutsa kale. Sikuti tinali mbuli m'kalasi ayi. Tinkayamba kufunafuna sukulu zitatsekera, pomwe mafomu ambiri akunja amatsekedwa mu Disembala, Januwale kapena Febuluwale. Ndiye inu yambani pano.

Tsatirani masamba a MUST, MUBAS, mHub, Mzuzu E-Hub ndi ofesi ya kazembe wa America. Mwayi uliwonse muulembe m'kope: akufuna a zaka zingati, a maiko ati, akutseka liti. Tsegulani imelo ya dzina lanu lenileni, osati ija ya timaina ta pa Facebook. Sungani malipoti a sukulu, muwajambule bwinobwino. Kalata yokuchitirani umboni muipemphe kwa aphunzitsi a Physics kapena Masamu kudakali milungu itatu, osati mawa likutsekedwa.

Pofika polemba za inu eni, chonde, zoti "ndimakonda sayansi kuyambira ndili mwana" zisiyeni. Aliyense amalemba zomwezo. Lembani za nyale ya sola imene munaimasula itasiya kuyaka, n'kupeza kuti vuto linali batire. Lembani za madzi a pachitsime cha kwanu, amene amasintha mtundu mvula ikagwa, ndi zimene mukufuna kudziwa za madziwo. Owerenga akufuna aone mmene mumaganizira, osati Chizungu chokhotakhota.

Tsopano wina afunsa kuti, nanga ngati sanalengeze? Kuno kwathu malo ambiri salengeza, ndiye tisadikire. Safunsa anadya phula. Lembani kalata nokha: ku water board ya mumzinda wanu, ku labu ya chipatala, ku malo a kafukufuku wa zaulimi ngati Chitedze ndi Bvumbwe, ku kampani yoika sola, olo kwa mayi wokonza mafoni m'tauni. Mupemphe zochepa komanso zomveka: milungu iwiri yoonerera ntchito, kuyambira tsiku lakuti. Aphunzitsi aakulu adindepo chidindo cha sukulu. Lembani makalata 10. Ena sayankha n'komwe, ena akana. Kukanidwa sikupha. Mukufuna "bwerani" mmodzi basi.

Koma apa timvetsetsane bwino. Munthu akakuuzani kuti tumizani kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni malo, ameneyo ndi wakuba. Akati mukakumane kuloji, kapena madzulo ofesi itatsekedwa, musapite. Tsiku loyamba mupite ndi kholo, mphunzitsi kapena mmodzi wa ife, ndipo kunyumba adziwe dzina la amene akukuyang'anirani. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo lamulo la zantchito sililola mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo wake pachiswe. Wina akayamba zachilendo, chokanipo, mutiuze. Palibe satifiketi yoposa thupi lanu.

Makolo akakana, musalimbane nawo pakhomo. Aonetseni kalata, masiku, ndi ndalama ya minibasi imene ikufunika. Kholo limaopa zimene silikuziona. Ngati n'kofunika, tibwera tidzakambe nawo.

Tithere kwa inu asisi amene muli kale pantchito. Amene mumagwira mulabu, pakompyuta, kumagetsi kapena kozanga misewu, imikani manja. Mwaonatu, tilipo. Aliyense atengeko mtsikana mmodzi, amuwerengere kalata yake, amugogodere chitseko kuntchito kwake. Ang'ono athu, Loweruka likudzali mubwere ndi kope, lipoti la sukulu ndi maina a malo atatu amene mukufuna kulembera. Tidzalembera limodzi.