Maola 48 m'chitokosi, osapitirira



Tayang'anani msewu uwu wopita ku Mwami. Kutsidya kwake, kufupi ndi Chipata, n'kumene a Orton Chirwa, mayi Vera Chirwa ndi mwana wawo Fumbani anabedwa pa 24 Disembala 1981. Boma la Dr Banda linati anagwidwa atalowa okha m'Malawi muno. Munthu amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo anazengedwa mlandu ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa. Mu 1983 anawagamula kuti anyongedwe, kenaka chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton anafera ku ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993. A Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera m'khoti n'komwe.

Ine sindinabadwe nthawi imeneyo. Ndimangomva kwa inu. Koma ndinawerenga Gawo 42 la Malamulo a dziko lino a 1994, ndipo ndikuona kuti analilemba ndi anthu oti ndende ankaidziwa.

Gawoli likuti wapolisi akakugwirani akuuzeni chifukwa chake m'chinenero chimene mumamva. Muli ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya. Chachikulu n'chakuti pasanathe maola 48 akutengereni kwa majisitireti. Ngati maolawo athera usiku kapena tsiku lopuma, pa tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Akalephera, akutulutseni. Mbale wanu akasungidwa popanda chifukwa, khoti lingalamule kuti abwere naye pamaso pake, ndipo akatuluka angasumire boma kuti limupatse chipepeso.

Komabe kuno kumalire, mayi wa geni wogwidwa ndi matumba a chimanga kapena mnyamata wa kabaza amagona m'chitokosi sabata yathunthu, abale ake n'kumagulitsa mbuzi kuti "agule belo". Amayi ndi abambo, belo ya kupolisi ndi yaulere!

Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Dandaulo lokhudza apolisi limapita ku Independent Complaints Commission. Ndipo tsiku limene mbale wanu wagwidwa, lembani pa pepala tsikulo, ola lake ndi dzina la wapolisi, chifukwa majisitireti adzafunsa zimenezo.